Mafuta a pansi pa nyanja: momwe amakumbidwira ndi komwe msika wake ukulowera

Mizere ya galimoto ikatalika mu msewu wa Masauko Chipembere, zigubu n'kuyamba kuoneka ku Limbe ndi ku Ndirande, funso limodzi silichedwa kutuluka m'maminibasi: anzathu a ku Mozambique si anapeza chuma pansi pa nyanja? Nanga ife nyanja tili nayo, tikudikira chiyani? Funsoli ndi lomveka, koma limaphatikiza ntchito zosiyana. Kupeza mafuta ndi kwina, kuwapopa mopindulitsa ndi kwinanso, ndipo pakati pa ziwirizi pamatha zaka 5, 10, nthawi zina kuposa apo.

Dziko lonse limagwiritsa ntchito migolo yoposa 100 miliyoni ya mafuta pa tsiku, mgolo umodzi kukhala malita 159. Pafupifupi magawo 3 mwa magawo 10 a mafutawa amachokera pansi pa nyanja zamchere. Makampani amene maina awo timawamva, monga ExxonMobil, TotalEnergies, Shell, Eni ndi Petrobras, ndiwo amakhala ndi chiphaso cha malo, koma nthawi zambiri makina okumbirawo sakhala awo. Amachita lendi kwa makampani ena monga Transocean, Valaris, Noble ndi Seadrill, ndipo amalipira pa tsiku. Simenti, matope ndi zoyezera m'chitsime zimabwera ndi enanso, monga SLB, Halliburton ndi Baker Hughes. Wofuna kudziwa ngati msikawu ukutentha kapena wazizira amayang'ana lendi ya pa tsikuyo kuposa china chilichonse.

Ntchito imayamba ndi phokoso. Sitima imakoka zingwe zotalika makilomita angapo zokhala ndi timakina tomvera, kwinaku ikuphulitsa mpweya m'madzi pakapita masekondi ochepa. Phokosolo limalowa m'miyala n'kubwerera, ndipo makompyuta amajambula momwe miyala yasanjikizanirana pansi. Chithunzicho chimaonetsa malo amene mafuta angakhale atatsekeredwa, koma sichinena ngati alimo. Pamafunika mwala umene unali ndi zamoyo zakale zowola, kutentha kokwanira kuziphika kukhala mafuta, mwala wina wa timabowo towasunga, ndi mwala wosadontha pamwamba pake. Chimodzi chikasowa, chitsime chimatuluka chouma kapena chodzaza madzi amchere. Zitsime zambiri zokumbidwa pamalo atsopano sizipeza mafuta okwanira kugulitsa, chonsecho chimodzi cha m'madzi akuya chimatha kudya madola oposa 100 miliyoni.

Kuya kwa madzi ndiko kumasankha makina. M'madzi osaya, mpaka mamita 120 kapena 150, amagwiritsa ntchito jack-up, nsanja ya miyendo itatu imene imatsitsidwa mpaka kuponda pansi, kenako nsanjayo imadzikweza pamwamba pa mafunde. Kumene nyanja ndi yolusa, monga ku North Sea, kumayenda bwino semi-submersible, imene imayandama pa matanki omizidwa m'madzi. M'madzi akuya kwenikweni, mpaka mamita 3,600, mumalowa drillship: sitima yotalika pafupifupi mamita 230, yokhala ndi bowo pakati lotsitsira mapaipi. Imeneyi siiponya nangula. Makompyuta amawerenga GPS ndi timakina toikidwa pansi pa nyanja, n'kumalamula mainjini ozungulira mbali zonse kuti sitima isasunthe usana ndi usiku. Magetsi akangozima pa sitima yotere, imayamba kutengeka ndi mphepo ili yolumikizidwa ku chitsime, n'chifukwa chake pamakhala njira yodula paipi ndi kudzimasula m'nthawi yosapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chitsime sichikumbidwa kamodzi n'kamodzi. Amayamba ndi paipi yaikulu ya mainchesi 36 kapena 30 imene imamizidwa m'matope a pansi pa nyanja. M'kati mwake amaboola n'kutsitsa ina ya mainchesi 22 kapena 20, n'kuthira simenti pakati pa paipiyo ndi mwala. Pamwamba pake amakhazikapo BOP, mulu wa mavavu otsekera chitsime pakagwa ngozi, olemera matani oposa 300, ndipo kuchokera pa BOP kufika pa sitima amalumikiza paipi ya mainchesi 21 yotchedwa riser. Akamapita pansi mapaipi amacheperachepera: mainchesi 13 ndi theka losakwana, kenako 9 ndi theka lopitirira pang'ono, kumapeto 7. Paipi iliyonse ikalowa, simenti, kuyeza, ndiye kuboolanso. Mapaipi oboolera amabwera a mamita 9 ndi theka, ndipo mano a kunsonga akatha pa mamita 5,000, chingwe chonsecho chimatulutsidwa n'kubwezeredwa, ntchito yotha tsiku lathunthu kapena kuposa. Mukaphatikiza lendi ya sitima, maboti otumikira, ndege za helikopita ndi makampani othandiza, tsiku limenelo limatha kufika madola 1 miliyoni.

Chimene chimasunga moyo wa anthu pa nsanja ndi matope. Amawasakaniza ndi dongo la bentonite kuti agwirane, ndi ufa wolemera wa barite kuti alemere. Amawapopera m'kati mwa paipi yoboolera, amatulukira kunsonga, n'kukwera kunja kwa paipiyo atanyamula timiyala tophwanyika. Ntchito yawo yaikulu ndi kupondereza. Mafuta ndi gasi a m'mwala amakhala ndi pulesha yaikulu, ndipo kulemera kwa matope odzaza chitsime ndiko kumawaletsa kukwera. Vuto lake n'lakuti mpata ndi wochepa. Matope akapepuka, gasi amalowa m'chitsime. Akalemera mopitirira, amang'amba mwala n'kuthawira m'ming'alumo, mlingo wawo umatsika, ndipo gasi amalowanso. M'madzi akuya mpatawu umachepa kwambiri chifukwa miyala ya pafupi ndi pansi pa nyanja imakhala yofewa, pamwamba pake pali madzi okha amene salemera ngati mwala.

Gasi akalowa, okumba amati pachitika kick. Zizindikiro zake ndi zooneka kwa amene ali tcheru: matope obwerera amachuluka kuposa olowa, mlingo wa m'matanki umakwera, kapena matope amapitiriza kutuluka mapampu atazimitsidwa. Choopsa n'chakuti gasi amafufuma akamakwera. Kagasi kodzaza mgolo umodzi pansi pamene pulesha ndi yaikulu kamatha kufika pamwamba katakula kambirimbiri, kakukankha matope patsogolo pake. Lamulo ndi losavuta: imitsa kuboola, yang'ana ngati chitsime chikutuluka chokha, tseka BOP, werenga pulesha, kenako tulutsa gasiyo pang'onopang'ono kudzera pa paipi yapambali uku ukulowetsa matope olemererapo. Zonse zikalephera, BOP ili ndi mipeni yodula paipi n'kutseka chitsime.

Pa 20 Epulo 2010, pa chitsime cha Macondo ku Gulf of Mexico, m'madzi a mamita pafupifupi 1,500, zotchinga zonsezi zinalephera motsatizana. Simenti ya pansi sinatseke bwino. Kuyeza kotsimikizira kuti chitsime chatsekeka kunaonetsa pulesha yosayembekezeka, koma anthu anakufotokozera mwina n'kupitiriza. Anachotsa matope olemera n'kuikamo madzi a m'nyanja, ndipo gasi anakwera kwa nthawi asanazindikiridwe. Mipeni ya BOP itatseka, paipi inali itapindika n'kukhala pambali, ndiye sinaduke bwino. Anthu 11 anafa pa Deepwater Horizon, nsanja imene inkakumba chitsimecho, mafuta anatayika masiku 87, ndipo kampani ya BP, imene inkayendetsa chitsimecho, inawononga madola oposa 60 biliyoni. Ngozi ya pa nsanja ya Piper Alpha ku North Sea mu 1988, imene inapha anthu 167, inayamba mwapafupi kuposa apa: pampu inayatsidwa pamene vavu yake yachitetezo inali itachotsedwa kukakonzedwa, chifukwa uthenga sunadutse bwino posinthana shifiti. Pa ngozi ziwirizi, mapepala ndi kuwerenga molakwa zinapha anthu mofanana ndi zitsulo.

Tinene kuti chitsime chapeza mafuta. Pamafunika zitsime zina zoyezera kukula kwa mgodiwo ndi kuona ngati mafuta akuyenda m'mwala. Apa ndi pamene nkhani zambiri za m'nyuzipepala zimathera. Ku Namibia, Shell inalengeza mu 2022 kuti yapeza mafuta pa Graff, dziko lonse linasangalala, koma mu Januwale 2025 kampaniyo inafafaniza madola pafupifupi 400 miliyoni m'mabuku ake chifukwa mwala wake ndi wothina, mafuta sayenda mokwanira kubweza ndalama. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mawu ofunika kuwadikira ndi akuti eni ntchito apanga chiganizo chomaliza choikapo ndalama, chimene m'nkhani za malonda amachilemba FID. Chikachitika chimenecho ndiye amayamba kumanga FPSO, chombo chimene chimalandira mafuta kuchokera ku zitsime za pansi, kuwasiyanitsa ndi madzi ndi gasi, kuwasunga, n'kumawathira m'sitima zobwera kudzatenga. Kumanga kokha kumatenga zaka 3 kapena 4. Guyana imatchulidwa kuti inathamanga: ExxonMobil inapeza mafuta pa Liza mu 2015, ndipo oyamba anatuluka mu Disembala 2019. Ghana inapeza Jubilee mu 2007 n'kuyamba kupopa mu 2010. Senegal inapeza mu 2014 koma mgodi wake wa Sangomar unayamba kupopa mu 2024.

Kuchedwa kumeneku ndiko kumapangitsa msikawu kuyenda mokwera ndi motsika kwambiri. Pakati pa 2011 ndi 2014 mgolo unkagulidwa madola oposa 100, lendi ya drillship inapitirira madola 600,000 pa tsiku, ndipo makampani anaitanitsa sitima zatsopano zambiri ku South Korea ndi ngongole. Sitimazo zinkatuluka m'mafakitale mtengo utagwa kale. Mu Januwale 2016 mgolo unatsika pansi pa madola 30, makamaka chifukwa cha mafuta a ku America a m'mwala wothina wotchedwa shale, amene chitsime chake chimakumbidwa pamtunda n'kuyamba kubweza ndalama m'miyezi yochepa. Lendi inatsika pansi pa madola 200,000. Covid-19 itafika mu 2020, Valaris, Noble, Diamond Offshore ndi Pacific Drilling zinapita ku khoti kukapempha chitetezo kwa ozikongoza, ndipo Seadrill inapitako kawiri, mu 2017 ndi mu 2021. Sitima zakale zinadulidwa kukhala zitsulo, zina zinazimitsidwa n'kuimikidwa m'madoko.

Otsalawo anatuluka opanda ngongole zambiri ndiponso ochepa. Noble inaphatikana ndi Maersk Drilling mu 2022 n'kugula Diamond Offshore mu 2024. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mgolo kupitirira madola 120 mu 2022, lendi ya drillship zabwino inabwerera pafupi ndi madola 500,000 pofika 2024. Mu 2025 inatsikako, sitima zina n'kukhala miyezi zopanda ntchito pakati pa mgwirizano umodzi ndi wina, mwa zina chifukwa ma FPSO anachedwa kumalizidwa, ndipo chombo cholandira mafuta chikachedwa, makampani amachedwetsanso kukumba zitsime zopopera. Msika wa jack-up unagwedezeka payokha: mu Januwale 2024 boma la Saudi Arabia linauza Aramco kuti isiye cholinga chofika migolo 13 miliyoni pa tsiku, ikhale pa 12 miliyoni, ndipo nsanja zambiri zinaimitsidwa n'kupita kukapikisana kwina.

Nanga kutsogoloku? Bungwe la International Energy Agency lakhala likunena kuti kufunika kwa mafuta kungaleke kukwera cha m'ma 2030, pamene OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta, ikuti kudzakwerabe mpaka 2050. Mkanganowu umamveka kwambiri, koma kwa okumba chofunika kuposa apo ndi kuphwa kwa migodi yakale. Chitsime cha m'madzi akuya chikafika pachimake chimatsika mofulumira, pafupifupi magawo 10 pa 100 chaka chilichonse, ndipo ndalama zambiri zimene makampani amaika zimangolowa m'malo mwa zimene zatha. Choncho ntchito yokumba ikhalapobe ngakhale kufunika kwa mafuta kutaima pamalo amodzi. Chinanso, kuyambira 2014 sitima zatsopano zaitanitsidwa zochepa kwambiri, ndipo kudzutsa yozimitsidwa kumadya madola mamiliyoni ambiri ndi pafupifupi chaka. Zimenezi zimaletsa lendi kugwa ngati kale.

Maganizo athu ndi akuti msikawu ukhala wolimba koma wosankha. Ndalama zikupita kumene migodi ndi yaikulu ndipo mgolo umatuluka motchipa: Brazil, kumene Petrobras imapopa pansi pa mchere wokhuthala makilomita awiri, Guyana, kumene apeza migolo yoposa 11 biliyoni ndipo mapulojekiti oyamba amabweza ndalama mgolo uli pakati pa madola 25 ndi 35, Suriname, Gulf of Mexico, ndi kumadzulo kwa Africa kuyambira Côte d'Ivoire mpaka Namibia. Mgodi waung'ono, wakutali ndi doko, m'dziko limene malamulo ake sanakhazikike, umakhala kumapeto kwa mzere. Mabanki ambiri a ku Ulaya nawonso achepetsa kukongoza mapulojekiti atsopano a mafuta chifukwa cha kusintha kwa nyengo.

Za ku Mozambique n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa chimene anapeza ku Rovuma, Anadarko mu 2010 ndi Eni mu 2011, ndi gasi. Gasi amavuta kugulitsa kuposa mafuta: amafunika kuziziritsidwa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi n'kuchepa ka 600, ndipo kawirikawiri makampani samanga fakitale yotere asanasainirane ndi wogula wa zaka zambiri. Coral Sul, fakitale yoyandama ya Eni imene inamangidwa ku South Korea, inatumiza katundu woyamba mu Novembala 2022, zaka 11 kuchokera pamene Eni inapeza gasi koyamba ku Rovuma, ndipo yense wotuluka pamenepo anagulidwa kale ndi BP kwa zaka 20. Pulojekiti ya TotalEnergies ya madola 20 biliyoni ku Afungi, m'chigawo cha Cabo Delgado, inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma, ndipo panapita zaka zoposa 4 kampaniyo isanalengeze kuti yakonzeka kubwerera. Pamene Mozambique ndi Tanzania zikuchedwa, Qatar ndi America zikuwonjezera mafakitale awo, ndipo obwera mochedwa adzapeza ogula atachuluka kosankha.

Zonsezi zimafika pa pampu ya ku Blantyre mozungulira. Malawi alibe fakitale yoyenga mafuta. Petulo ndi dizilo zimabwera zoyengedwa kale kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, zimalipiridwa m'madola, zina n'kusungidwa ndi NOCMA ku Matindi, ku Kanengo ndi ku Mzuzu, ndipo MERA imawerengera mtengo potengera msika wakunja, mtengo wonyamulira ndi mphamvu ya kwacha. Migolo yatsopano ya ku Guyana ndi Brazil ikachuluka pa msika n'kutsitsa mtengo, imatithandiza kuposa gasi wa ku Cabo Delgado. Koma kwacha ikagwa ngati momwe inachitira mu Novembala 2023, ndi 44 pa 100, phindu lonselo limamezedwa, ndipo madola akasowa m'mabanki, mtengo wa mgolo ulibe nazo ntchito.

Achinyamata a ku MUBAS ndi MUST amene akuyang'ana ntchito za m'nyanja adziwe kuti m'madera ambiri palibe amene amakwera helikopita yopita ku nsanja wopanda satifiketi ya BOSIET, imene imaphatikiza kuphunzira kutuluka m'helikopita yogudubuzika m'madzi, ndi chikalata cha dokotala. Mayiko ambiri amakakamiza makampani kulemba nzika zawo poyamba. Uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza ntchito ya pa nsanja yokumbira mafuta mukatumiza kaye ndalama ndi wa akuba.

Tsono nyanja yathu. Chiyembekezo chili ndi pogwira. Nyanja ya Malawi ili mu chigwa chofanana ndi cha Nyanja ya Albert ku Uganda kumene mafuta anapezeka mu 2006. Kafukufuku wa phokoso wa Project PROBE wa Duke University m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa matope okhuthala makilomita angapo pansi pake, ndipo madzi a pansi pa mamita pafupifupi 250 alibe mpweya wa okosijeni, zimene zimasunga zamoyo zowola m'malo moziwononga. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja pogwiritsa ntchito chombo cha Viphya, koma ankafuna mbiri ya nyengo, ndipo anangolowa mamita mazana ochepa. Boma linagawa dziko m'mabuloko 6, ndipo mu 2011 linapatsa Surestream Petroleum mabuloko 2 ndi 3 a kumpoto kwa nyanja. Zimenezi zinadzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania, imene imafuna malire apite pakati pa nyanja, pamene Malawi amaima pa pangano la Heligoland la 1890 loika malire m'mphepete mwa kummawa. Kampani iliyonse yoganiza bwino siingaike madola 100 miliyoni pa malo amene mayiko awiri akukanganirana.

Vuto lina ndi la zipangizo. Nyanjayi imafika mamita pafupifupi 700 kuya, amene ndi madzi a drillship kapena semi-submersible, koma palibe njira yobweretsera sitima yotere. Shire ali ndi mathithi kuyambira Kholombidzo mpaka Kapichira. Ilala, imene siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 4 a kutalika kwa drillship, inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland n'kulumikizidwa kuno isanayambe kuyenda mu 1951. Nsanja yokumbira iyeneranso kumangidwira pompano, pamodzi ndi maboti ake ndi zida zotsekera chitsime chikaphulika, zonsezo chifukwa cha zitsime zochepa zimene mwina zituluka zouma, ndipo ikamaliza ilibe kwina kopita kukagwira ntchito. Ku Uganda anazemba vutoli: pa mgodi wa Kingfisher, kampani ya ku China ya CNOOC imaimika makina pamtunda n'kuboola mopendama kulowa pansi pa nyanja makilomita angapo. Njira imeneyi ingatheke kuno pokhapokha mgodi utakhala pafupi ndi gombe. Ngakhale ku Uganda komweko, pafunika paipi yotenthetsedwa ya makilomita 1,443 kukafika ku doko la Tanga ku Tanzania kuti mafutawo afike pa msika.

Kutayika kwa mafuta m'nyanja yathu sikungafanane ndi kwa m'nyanja yamchere. Madzi ambiri a Nyanja ya Malawi amachoka ngati nthunzi, ochepa okha ndiwo amatuluka mu Shire, choncho chimene chalowamo chimakhalamo zaka zambirimbiri, ndipo mwera ukawomba ukhoza kukankhira mafuta ku magombe a asodzi a usipa ndi chambo zida zoyeretsera zisanatuluke pa doko la Nacala. Zotsikira mu Shire zidzadutsa pa Walker's Ferry pamene Blantyre Water Board imapopa madzi a mzinda uno. Lamulo loyendetsa kufufuza ndi kupopa mafuta m'dziko muno linalembedwa mu 1983, Piper Alpha ndi Macondo zisanachitike, ndipo kampani iliyonse isanaloledwe kutsitsa paipi yoyamba payenera kukhala polembedwa pooneka kuti BOP adzaiyeza ndani, chida chotsekera chitsime chophulika chidzasungidwa kuti, ndipo ndalama zolipira asodzi zidzakhala zitaikidwa kale m'banki iti.